Mkuyu wogona m'dziwe ku Kanchipuram

Ntchito yaikulu ya gadiyani ndi kudikira. Kuchapa, kudyetsa ndi kutembenuza wodwala zimatha, koma kudikira sikutha. Ndinazidziwa bwino zimenezi mu Epulo 2023 ku Chennai, komwe ndinaperekeza achimwene anga aakulu kukachotsedwa chotupa m'mimba. Opaleshoni inayenda bwino, koma madokotala anati tidikire masiku asanu kuti zotsatira za chotupacho zituluke. Pofika tsiku lachitatu ndinali nditawerenga matailosi onse a m'chipindamo, ndipo achimwene anatopa nane.

"Iwe, ukundidwalitsa ndi nkhope yakoyo," anatero. "Pita ukaone dziko. Telala wanji wofika ku India n'kubwerera osaona kowombera nsalu?"

Nesi wina ndi amene anatchula Kanchipuram, kwawo kwa nsalu za silika zomwe akwatibwi a kum'mwera kwa India amavala, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Chennai. Anandipezera dalaivala wachikulire wodziwa Chingerezi, ndipo tinanyamuka kusanache. Ine m'mutu mwanga munali nsalu basi. Za akachisi sindinaziganizeko, ndipo kunena zoona, monga mwana woleredwa m'tchalitchi, mawu oti mafano anali pafupi pakamwa panga.

Dalaivala uja sanandifunse. Anati masitolo sanatsegule, tiyambe taona kachisi wakale kuposa onse. M'njira anandiuza kuti mzindawu amautcha wa akachisi 1,000, ndi kuti uli m'gulu la mizinda 7 yopatulika kwambiri kwa Ahindu, pamodzi ndi Varanasi, Ayodhya, Mathura, Haridwar, Ujjain ndi Dwarka. Mbali ina ya mzinda amaitcha Kanchi wa Shiva, ina Kanchi wa Vishnu, malinga ndi mulungu amene akachisi ake achuluka kumeneko.

Kachisi wakaleyo, Kailasanathar, ali kumapeto kwa tauni, kumadzulo, komwe nyumba zayamba kupatukana. Ndi wamfupi, wamtundu wa dothi louma, ndipo titafika munalibe anthu kupatula mlonda ndi bambo wina wosesa. Anamangidwa cha m'ma 700 ndi mfumu Narasimhavarman II, yotchedwanso Rajasimha, ya banja la Pallava lomwe likulu lake linali mzinda womwewu kwa zaka mazana angapo. Maziko ake ndi a mwala wolimba, koma pamwamba ponse anamanga ndi mwala wofewa wamchenga. N'chifukwa chake osema anautembenuza ngati sopo, n'chifukwa chakenso mvula ndi mphepo zaudya. Mikango yoimirira ndi miyendo yam'mbuyo ili paliponse, ina nkhope zinafufutika mpaka ikuoneka ngati agalu okalamba. Kuzungulira bwalo lonse kuli tizipinda tating'ono 58, ndipo mukasuzumira m'kati mwa tina mumaona zotsalira za utoto wofiira ndi wobiriwira. Kachisi yense ameneyu kale anali wopakidwa mitundu. Ndinagwada n'kuyang'ana kansalu kojambulidwa m'chiuno mwa munthu wina pakhomapo, mizere yake ikuonekabe patapita zaka 1,300, ndipo ndinadzifunsa kuti pa madiresi onse amene ndasoka, ndi iti imene idzafike zaka 30.

M'munsi mwa tizipindato Rajasimha analembetsa mayina ake aulemu oposa 200. Apa ndinaseka ndekha. Akuluakulu okonda kutamandidwa sanayambe lero.

Koma chomwe chinandigwira mtima ndi zolemba za pa nsanamira ina, zomwe sizili m'Chitamil, chilankhulo cha kuderali, koma m'Chikannada, chilankhulo cha adani. A Pallava ndi a Chalukya a ku Badami anali pa chidani cha mibadwo. Mu 642 mfumu ya Pallava, Narasimhavarman I, inalanda Badami n'kuusakaza, mpaka inadzipatsa dzina lotanthauza wolanda mzindawo. Patapita zaka pafupifupi 100, mfumu ya Chalukya, Vikramaditya II, inalowa mu Kanchipuram ndi asilikali ake. Aliyense akanayembekezera moto. Iye anafika pa kachisi ameneyu, anaona chuma chake, n'kuchisiya kwa mwini wake, mulungu wa kachisiyo, ndipo analembetsa zimenezo pa nsanamirayo. Atabwerera kwawo, mkazi wake Lokamahadevi anamangitsa kachisi wa Virupaksha ku Pattadakal pokumbukira kupambanako, ndipo kamangidwe kake kanatengera za kuno. Ena angati zinali ndale chabe, kuti anafuna anthu a mumzindawo amukonde. Mwina. Ine ndaonapo abale akugwetsa nyumba ya malemu chifukwa cholimbirana malata, ndiye munthu amene anali ndi chifukwa chobwezera n'kusiya khoma lili chiimire ndimamupatsa ulemu wake.

Sikuti zonse zinapulumuka. Mmonke wa ku China, Xuanzang, anafika kuno cha m'ma 640 ndipo analemba kuti anapeza nyumba za amonke a Chibuda pafupifupi 100 ndi amonke okwana 10,000. Lero nyumba zimenezo kulibe. Kunatsala ziboliboli za Buddha zomwe zimapezeka apa ndi apo, ndipo china chachikulu chinasamutsidwira kosungira zinthu zakale ku Chennai.

Kuchoka pamenepo tinapita ku kachisi wa Shiva wotchedwa Ekambareswarar, ndipo kunali ngati kuchoka kumanda kulowa mumsika. Nsanja ya pachipata ndi yotalika pafupifupi mamita 60, yomangidwa mu 1509 ndi mfumu Krishnadevaraya ya ku Vijayanagara. Nsapato zimatsala panja. Nthawi inali isanakwane 10 koloko koma miyala ya pabwalo inali itapsa kale, ndipo ndinadumphadumpha ngati nkhuku yoponda phulusa lamoto, amayi okalamba akundidutsa mwakachetechete osakwinya ndi nkhope yomwe. M'kati munali mdima wozizira, fungo la mafuta a nyale ndi maluwa, ng'oma, ana akulira, banja lina litakhala pansi likudya mpunga. Kuchipinda cham'katikati osakhala Ahindu salowako, ndipo sindinaone chodandaulira. Kwa eni ake kumakhala malire.

Pakati pa kachisiyu pali mtengo wa mango. Amati woyambawo unali wa zaka 3,500, wa nthambi zinayi zoimira mabuku anayi opatulika a Veda, ndipo nthambi iliyonse inkabala mango a kukoma kwake. Unauma, ndipo womwe ulipo anaumeretsa kuchokera kwa womwewo. Nkhani yake dalaivala anaifotokoza ngati ya mnansi wake. Mulungu wamkazi Parvati anaumba chizindikiro cha Shiva ndi mchenga pansi pa mtengowo n'kumapembedza. Mtsinje unasefukira. M'malo mothawa, iye anakumbatira mchengawo kuti madzi asaukokolole, ndipo Shiva ataona zimenezo anamukwatira. Mpaka lero chizindikiro cha m'kachisimo sachithira madzi monga achitira kwina, poti ndi chadothi. Sindine Mhindu, koma mkazi wofungatira chinthu chosachedwa kusungunuka madzi akukwera ndinamuzindikira. Ndinali nditamusiya m'galasi la kubafa kuchipatala m'mawa womwewo.

Nsalu ndinaziona masana, m'nyumba ya banja lina lowomba, momwe chowombera chinadzaza chipinda chonse chochezera. Ndikanatha kulemba tsamba lonse, koma nditchule chimodzi chomwe telala aliyense angachimve. Ife mpendero timachita kusokerera. Iwo thupi la nsalu ndi mpendero, ngakhale zisiyane mitundu, amaziwomba nthawi imodzi n'kumakoletsa ulusi wa uku ndi wa uko mzere uliwonse, anthu awiri atakhala mbali ndi mbali. Amazitcha korvai. Pokumanira pake pamatuluka timano tosongoka tofanana ndi nsanja za akachisi. Ndinatembenuza nsaluyo kufuna msoko, ndinakoka, ndinayang'ana padzuwa. Palibe. Ulusi wonyezimira wa mumpendero ndi wa siliva wokutidwa ndi golide, n'chifukwa chake mtengo atautchula ndinangoibweza bwinobwino ndi manja awiri. Ndinagula kansalu kakang'ono ka paphewa koti ndikapatse alamu anga.

Dzuwa litapendeka tinafika ku Varadharaja Perumal, kachisi wamkulu wa Vishnu, komwe mphunzitsi wotchuka Ramanuja anatumikirako. Alendo ambiri amathamangira kukagwira abuluzi awiri, wagolide ndi wasiliva, omwe ali kudenga. Mu holo ya nsanamira 100 muli unyolo wolendewera pangodya, mphete zake zoyenda, wosemedwa kuchokera ku mwala umodzi. Ndinaima pansi pake nthawi ndithu kufufuza polumikizira, monga ndinachitira ndi nsalu ija.

Kenako dalaivala ananditengera ku dziwe lamakwerero amiyala, lotchedwa Ananthasaras. Madzi obiriwira, nsomba, kanyumba kamiyala pakati. Palibe chooneka chachilendo. Anati pansi pa kanyumbako, m'madzimo, mwagona Athi Varadar, chiboliboli cha Vishnu chosemedwa ndi mtengo wa athi. Atandionetsa chithunzi cha mtengowo pafoni ndinati uwu ndi mkuyu, zipatso zake zomera pathunthu ngati nkhuyu za kwathu. Iye anati makolo ake ankanena kuti anachibisa m'madzi nthawi ya nkhondo. Chimatulutsidwa kamodzi pa zaka 40. Amapopa madzi onse, amachinyamula, amachiyeretsa, ndipo anthu amachiona kwa masiku 48, poyamba chitagona, kenako chitaimirira. Akatero amachibwezera, dziwe n'kudzazanso. Chinatuluka mu 1979, chinatulukanso kuyambira pa 1 Julayi mpaka pa 17 Ogasiti 2019, pomwe anthu mamiliyoni anakhamukira m'tauni yaing'onoyi. Chidzatulukanso mu 2059.

Dalaivalayo anali pamzere mu 2019 pamodzi ndi mayi ake. Anaima kuyambira usiku mpaka masana a tsiku lotsatira, ndipo atafika kutsogolo apolisi anali kufulumizitsa anthu, moti anangoona kanthawi kophethira kawiri katatu. Ndinamufunsa ngati sizinamupweteke mtima. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. Anati mayi ake anaphonya 1979 chifukwa anali ndi mwana wakhanda, ndipo anadikira zaka 40 osadandaula ngakhale tsiku limodzi, poti ankadziwa pomwe wagona. Nthawi zina ankabwera kudzangokhala pa makwerero omwewa.

Tinakhala pamenepo. Ndinayamba kuwerengera pa zala. Mu 1979 ndinali ndi zaka 3. Mu 2059 ndidzakhala ndi 83, ngati Mulungu alola. Ndinayamba kuwerengera za achimwene, ndipo ndinalekera panjira.

Tisananyamuke dalaivala anandigulira idli ya pakachisipo, yosiyana ndi toyera tofewa tomwe tinkadya kuchipatala m'mawa uliwonse. Iyi ndi yaikulu, yophikidwa ndi nthunzi m'masamba ngati mkate wathu, ya mpunga ndi mphodza, yothira tsabola wakuda, jinja wouma ndi chitowe. Chitowe ndinkangochimva m'tchalitchi, sindinkadziwa kuti chimadyedwa ndithu. Ndinadya theka, theka ndinakulunga.

Ndinafika ku Chennai usiku, mapazi akuwawa ndi matuza. Achimwene anali maso.

"Wabwera ndi chiyani?"

Ndinawaonetsa kansalu ka alamu, anangoti mmm. Ndinatulutsa idli ija, nesi anaiyang'ana, anati kachidutswa kakang'ono kokha. Anatafuna pang'onopang'ono, n'kunena kuti ikusowa ndiwo. Kenako anati ndiwafotokozere zonse kuyambira pomwe ndinakwera galimoto, ndisadumphe kanthu, poti nthawi tili nayo. Kunali kutatsala masiku awiri. Ndinakoka mpando, ndinayambira pa mikango.