Zikomo kwa ongodzipereka amene munayendetsa Worldcon ku Glasgow

Inu nonse amene munagwira ntchito yosalipidwa pa Worldcon, msonkhano wa padziko lonse wa okonda nkhani zopeka za sayansi, ya nambala 82, yomwe inachitikira kumalo a misonkhano a SEC mumzinda wa Glasgow ku Scotland kuyambira pa 8 mpaka pa 12 Ogasiti 2024, ife okonda nkhani zopeka za sayansi tikuti zikomo kwambiri. Chiyambireni ku New York mu 1939, msonkhanowu umayendetsedwa ndi mamembala eni ake. Mzinda umasankhidwa povota kutatsala zaka ziwiri, ndipo Glasgow inapambana pa voti yomwe inachitikira ku Chicago mu 2022. Kuchokera pamenepo mwakhala mukuthamanga ndi za maholo, mahotela ndi bajeti madzulo mukaweruka kuntchito zanu.

A komiti ya mphoto za Hugo, zomwe zimaperekedwa pa msonkhanowu kwa nkhani zopeka za sayansi zopambana, inu ndiye munasenza katundu wolemera. Pa Worldcon ya ku Chengdu ku China mu 2023 olemba ena anachotsedwa pampikisano popanda kuuzidwa chifukwa chomveka, ndipo ambiri chikhulupiriro chinawathera. Kavotedwe kake ndi kotere: membala amatchula ntchito zosapitirira zisanu pa gawo lililonse, zisanu ndi chimodzi zimafika mu ndime yomaliza, kenako wovota amazisanja kuyambira imene waikonda kwambiri. Yotsalira pa zonse imachotsedwa, mavoti ake n'kupita kwa imene wovotayo anaiika pachiwiri, mpaka ina ipose theka. Pofooka pake ndi apa: aliyense wogula umembala amavota, choncho wa thumba lonenepa akhoza kugula maumembala ambiri m'mayina opeka. Ndi zimene zinachitikadi. Mwa mavoti 3,813 munataya 377 achinyengo. Ena anali ndi dzina la bambo lofanana, kungosintha chilembo choyamba motsatira afabeti. Ena mayina awo anali manambala otsatizana. Munalengeza poyera mu Julaye, mphoto zisanaperekedwe. Amene mavotiwo ankamukomera simunamuchotse, poti panalibe umboni woti ankadziwa, ndipo pamapeto pake sanapambane. Kumeneko ndiye kuweruza bwino, ngakhale ena ankafuna kuti dzina lake liululidwe.

A ndondomeko, zikomo. Kusanja zokambirana mazanamazana si masewera: wolemba mmodzi asapezeke m'zipinda ziwiri pa ola limodzi, ndipo pakhale mpata woti anthu atuluke ena asanalowe. Chimasokoneza kawirikawiri n'kulosera kukula kwa chipinda. Mutu wooneka wamba umakoka khamu, chipinda n'kudzaza, ndiye wongodzipereka wa pakhomo ndi amene amayima n'kubweza anthu, chifukwa malamulo a chitetezo cha moto salola kupyola chiwerengero. Iyeyo ndiye amakalipiridwa pamene sanalakwe.

Sitikuiwala a pa tebulo lolembetsera, amene munasanja mabaji motsatira mayina kuti mzere wa tsiku loyamba uziyenda. A zokuzira mawu, amene munkasintha mabatire a maikolofoni pakati pa zokambirana. Ndi othandiza anzathu aulumali, amene munasunga mipando ya kutsogolo ndi malo a njinga zawo. Amene ankatsatira pa intaneti ali kwawo akuthokozanso.

Asungichuma, yanu imatha mochedwa kuposa ya wina aliyense. Maholo atatsekedwa mumatsalabe ndi malisiti miyezi ingapo, ndipo mwambo wake ndi woti ndalama zikatsala, gawo lina lipite ku misonkhano itatu yotsatira, kuyambira wa ku Seattle wa 2025.