Nyumba ya bambo akuti ipite pa okushoni

Tulo takana. Za masana zija zikungobwerabwera m'mutu ndiye ndati bola ndilembe mwina mtima ukhala pansi.

Ndinapita ku Chilomoni kukangowasiyira amayi mankhwala awo a BP, ndikupeza galimoto yachilendo pageti. Azibambo awiri akuzungulira kuseri, wina ndi tepi yoyezera wina akujambula bafa pa foni, akufunsana ngati boys quarter ili ndi mita yakeyake ya magetsi. Achimwene ali pambuyo pawo manja m'thumba. Amayi ali pakhonde akusankha nyemba m'lichero osadzutsa mutu olo pang'ono. Kufunsa, akuti ndi anthu a kampani yogulitsa katundu pa okushoni, abwera kudzaona nyumba kuti aike mtengo woyambira.

Achimwenewa ndi a mayi ena, bambo anawabereka asanakwatire amayi, koma takulira limodzi ndipo sindinawaonepo ngati wapadera. Bambo anamwalira osasiya wilo. Titachoka pamaliro tinagwirizana kuti iwowo poti ndi aakulu komanso zamapepala amazitha akatenge kalata ku High Court yoyendetsera chuma cha masiye, ija amati letters of administration. Kalata anatengadi. Kuyambira pamenepo nkhani zonse za nyumba timangomva zitachitika kale.

Anthu aja atapita ndinawaitanira pansi pa mtengo wa mapeyala kuti amayi asamve, ngakhale ndikudziwa amamva zonse. Ndinati achimwene, zimenezi munakambirana ndi ndani? Akuti iwe ndakhala ndikunena pa gulupu ya WhatsApp palibe amayankha, ukafuna ndichite bwanji. Kenako anayamba kuwerengera, ma city rates sanalipidwe kuyambira bambo akudwala, denga la kuchipinda chapakati likudontha palibe amene watulutsapo ndalama ya lata limodzi, lendi ya boys quarter mwezi uliwonse imatiyambanitsa, achemwali athu a ku Johannesburg akungoimba kuti akufuna gawo lawo, iwonso ana awo awiri akufunika fizi. Ndiye ananena mawu amene andikhala pamtima mpaka pano. Akuti ndikapeza wogula ndekha mudzati ndadya ndalama, mudzati ndagulitsa kwa mnzanga motchipa, bola pa okushoni aliyense abwere aone ndi maso ake nyundo ikugunda.

Ndipotu pamenepo sananame. Banja lathu ndikulidziwa, zikanatero ndithu. Nchifukwa chake ndikulephera kuwakwiyira mmene ndikufunira, munthuyu watopa, anthu tonse tinamusenzetsa katundu n'kumuthawa.

Koma ndinawafunsa funso limodzi, amayi apita kuti? Anangoti tiwapezera kanyumba ka lendi ndi gawo lawo. Mayi wa zaka 70 amene analowa m'nyumba imeneyi ilibe pulasitala, amene ankagulitsa mandasi kuti agule mawindo, azikagogodedwa ndi landilodi pa 1 paliponse? Ndinakweza mawu, sindibisa, ndipo sindikuona kuti ndikanatha kuyankhula motsitsa. Iwo akuti iwe umayankhula ndi mtima, ine ndikuyankhula ndi mapepala. Ndinati mapepalawo sanakupatseni nyumba achimwene, anakupatsani ntchito yotisungira tonse.

Chinanso chimene sakufuna kumva ndi choti okushoni si malo opezera mtengo wabwino. Amabwera kumeneko ndi anthu a ndalama m'manja ofuna zotchipa, ndipo akangonunkhiza kuti pabanjapo pali mkangano, kapena kuti m'nyumbamo muli gogo amene adzavute kutulutsa, amatsitsiratu. Pa ndalama yotsalayo a okushoni achotsepo komishoni yawo, loya atengepo yake, khonsolo itenge ma rates ake onse akale, zotsalazo tigawane anthu tonsefe. Aliyense adzagwira kandalama kosakwana ndi puloti yomwe ku Chileka, pofika Khirisimasi katatha, nyumba ili ya munthu wina.

Madzulo ndinaimbira mnzanga wina amene amagwira ntchito kwa maloya, tinacheza mpaka mayunitsi kutha n'kuimbanso. Wandifotokozera kuti lamulo la chuma cha masiye limene likugwira ntchito pano ndi la 2011, Deceased Estates Act, ndipo munthu akafa opanda wilo oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, ana onse, obadwira m'banja ndi akunja omwe, kuphatikizapo amene ankadalira malemuyo. Ndiye achimwene gawo lawo lilipo ndithu, palibe angawachotse, ndipo ine sindikufunanso zimenezo. Koma cholinga chachikulu cha lamulolo akuti ndi choti otsalawo asavutike, ndipo katundu wa m'nyumba amene amagwiritsa ntchito ndi wa amayi. Wogwira kalata ija amayenera kuyendetsa zinthu mokomera onse ndi kufotokoza ndalama mmene zayendera, akapanda kutero khothi likhoza kumulanda kalatayo.

Akuti njira zilipo ziwiri zoti tichite msanga. Kupita ku Lands, ofesi ya boma yoona za malo, kukaika chenjezo lija amati caution pa mapepala a nyumbayo kuti dzina lisasinthidwe mwakachetechete, komanso kukapempha chiletso ku High Court, ku nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye, kuti okushoniyo iime kaye. Ngati ndalama ya loya palibe ndikayese ku Legal Aid Bureau. Anatsindika kuti zonsezi zichitike nyundo isanagunde, chifukwa munthu akagula n'kulipira mwachilungamo kubweza kumakhala kovuta kwambiri. Anandichenjezanso kuti popempha chiletso nthawi zambiri umalonjeza kuti ukadzapezeka kuti unaimitsa zinthu popanda chifukwa udzalipira zimene enawo aluza. Pamenepo m'mimba munatentha.

Ndipo kunena zoona mawu oti chiletso akundiopsa. Ndikudziwa nyumba ina kufupi ndi kwathu konkuja imene abale anatengerana kukhothi ine ndili ku sekondale, mpaka lero ili chiimire, mawindo anaba, udzu unamera mpaka pakhomo, ena mwa okanganawo anamwalira mlandu usanathe. Sindikufuna dzina langa ndi la achimwene zikalembedwe pa fayilo imodzi wina mbali iyi wina mbali iyo. Munthu amene ankandiperekeza ku sukulu atandinyamulira chikwama. Koma ndikakhala chete ndiye kuti ndavomera.

Chimene chandipweteka kwambiri si achimwenenso ayi. Ndi amayi. Ndikutsanzika anandigwira dzanja n'kunena kuti mwanawe musadane chifukwa cha ine, ndipita kumudzi ku Ntcheu ndikakhale ndi ang'ono anga. Kumudzi kumene anachokako asanandibereke, kulibe nyumba yawo, munda anagawana kalekale, chipatala chili kutali ndi BP yawoyi. Akunena choncho kuti atipeputsire ife, ndipo ndikudziwa kuti achimwene akangomva mawu amenewa awagwira ngati chilolezo.

Ndaganiza zoti mwina tiitane amalume ndi azakhali tikhale pansi Loweruka, tione ngati ife otsalafe tingasonkherane n'kuwagula achimwene ndi achemwali gawo lawo pang'onopang'ono, munthu wodziwa kuyeza mitengo ya nyumba atiuze mtengo weniweni osati wa pa okushoni. Kaya avomera kudikira kaya. Ndalamazo ndiye sindikudziwanso kuti tizitenga kuti, malipiro angawa ndi mmene zinthu zakweramu.

Ndalemba pa gulupu kuti tikumane tisanapange china chilichonse. Onse awerenga, ayankha ndi achemwali okha, akuti bola zithe msanga iwo atopa. Mawa ndipempha kuchoka msanga kuntchito ndikafunse ku Lands kuti caution imafuna mapepala anji, nambala ya puloti ndilibenso, ili mu fayilo imene ili ndi achimwene