Zikomo a Sajeni, dzina la agogo lamveka

Ndangofika kumene, mapazi atupa, mawu asasa, koma mtima sukundilola kugona ndisanalembe. Amayi agona kale. Kaduwa kofiira kaja, ka poppy, akana kukachotsa pachifuwa, agona nako choncho.

Ambiri mukudziwa mmene tavutikira zaka zitatu izi kufufuza kumene agogo anga aamuna anathera, sindibwereza zonse. Lero pamwambo wokumbukira asilikali, amayi anga, omwe apitirira zaka 80, ayala nkhata yamaluwa ndi manja awo m'dzina la bambo awo. Bambo amene sanawaonepo ndi maso ozindikira, poti anapita kunkhondo yachiwiri ya padziko lonse amayi ali kumsana. Moyo wawo wonse ankangomva kuti "anatsala ku Burma". Kutsala pati, anamwalira liti, palibe ankadziwa. Agogo aakazi anatisiya akudikirabe yankho.

A Sajeni, dzina lanu sindilitchula chifukwa munandiletsa, koma mukudzidziwa. Ine ndinali nditatopa tsiku lomwe tinakumana lija. Ofesi ina inali itandibweza kachisanu, mawa, mawa, mafayilo akale sitikuwaona, mubwerenso mwezi wamawa. Ndinakhala pabenchi panja ndi envulopu yanga, misozi ili pafupi. Inu, munthu wopuma pantchito, ndodo m'manja, munabwera pa zanu, koma munandifunsa kuti, "Mwanawe, chakuvuta n'chiyani?" Munatenga chithunzi chakale cha agogo chija n'kuchitembenuza. Ife tonse pabanja tinkangoyang'ana nkhope ya agogo, inu munayang'ana kumbuyo. Manambala ofufutika aja, omwe tinkayesa kuti analemba ndi wojambula, munati ndi nambala yausilikali. Munati msilikali dzina lake akhoza kulilakwitsa, koma nambala sasintha.

Ndipo zinalidi choncho. Ndinali nditafufuza kambirimbiri pa intaneti, m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali, osapeza kanthu, chifukwa amene ankalemba anthu usilikali nthawi imeneyo analemba dzina la agogo mmene analimvera m'makutu mwake, zilembo ziwiri n'kusokonekera. Titalowetsa nambala ija, dzina linatuluka. King's African Rifles, a Keyala aja. Anamwalira mu 1944. Dzina lawo lili pa Rangoon Memorial, m'manda a asilikali a Taukkyan kufupi ndi Yangon, pakati pa mayina pafupifupi 27,000 a amene anafa pankhondo ya ku Burma koma manda awo sadziwika. Ndinawaimbira foni amayi usiku womwewo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Ndiye kuti analembedwa pamwala?" Ndinati inde amayi, pamwala.

Simunalekere pomwepo a Sajeni. Munabwera kunyumba kudzawafotokozera amayi pang'onopang'ono za kumene bambo awo anayenda. Munawauza za gulu la 11th East African Division, mmene linadutsira m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamkuntho mu 1944, kulunjika kumtsinje wa Chindwin, matope mpaka m'maondo, malungo ndi matenda ena akugwetsa anthu mofanana ndi zipolopolo. Munati gulu lalikulu lomwe anali, la Fourteenth Army lotsogozedwa ndi General Slim, anthu ankalitchula kuti gulu loiwalika, chifukwa maso a dziko anali pankhondo ya ku Ulaya. Amayi anamvetsera ngati mwana wasukulu. Anafunsa ngati kumeneko kumazizira, ngati anali ndi nsapato. Inu munayankha zonse mosatopa, ndipo pomwe panalibe yankho munangowagwira dzanja.

Chinthu chimodzi chimandiwawabe, ndichinene. Ife tapeza dzina, koma mabanja ambiri sadzalipeza. Mu 2021 bungwe lomweli la manda a asilikali linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pankhondo yoyamba ya padziko lonse, ambiri mwa iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo, ena mwina sanakumbukiridwe n'komwe. Ambiri anali onyamula katundu, anafa ndi njala ndi matenda m'njira. Anali ndi akazi, anali ndi ana ngati amayi anga. Lero lipenga litalira, tonse n'kukhala chete mphindi ziwiri zija, ine ndinkaganiza za iwowo. Mwambo umenewu unachokera pa 11 Novembala 1918, pomwe mfuti zinaleka kulira 11 koloko m'mawa, ndipo chaka chilichonse timauchita, koma kwa ine kale unali mwambo wa akuluakulu ovala masuti ndi mamendulo. Sindinkadziwa kuti mphindi ziwiri zimatalika chotere ukakhala ndi dzina loti ulitchule mumtima.

Ambuye Mulungu, inu amene mudziwa aliyense ndi dzina lake lenileni, osati lolembedwa molakwika, landirani agogo anga ndi anzawo onse amene agona kutali ndi kwawo. Muwapatse a Sajeni masiku ambiri ndi mphamvu m'miyendo yawo ija.

Ndithokozenso mkazi wanga, amene wapirira mapepala ali mbwee patebulo zaka zitatu, osadandaula za ndalama zoyendera. Mchemwali wanga, unasoka diresi la amayi usiku wonse, zikomo. Anyamata awiri a yunifolomu amene munanyamula njinga ya amayi pamasitepe osapemphedwa, sindikukudziwani mayina koma ndinakuonani. Kwaya, abusa, ndi inu nonse amene munkanditumizira uthenga woti ndisafooke, Mulungu akudalitseni.

Koma achibale ena, mundikhululukire. Nditayamba kufufuza munati ndikudzutsa akufa, ndikutaya nthawi. Dzina litapezeka, foni yanga inalira, funso lanu loyamba linali lakuti kodi pali chipukuta misozi. Nditati palibe, tangopeza dzina basi, munazimiririka. Mipando yanu lero inalipo, inakhala yopanda anthu. Amayi anacheuka kawiri kukuyang'anani. Sindinena zambiri.

Ndibwerere kwa inu a Sajeni, chifukwa mwina simukudziwa chimene munachita m'mawa uja. Nthawi yoyala nkhata itakwana, amayi miyendo inawanjenjemera, anati sangathe. Ine ndinasowa chochita. Inu munasiya ndodo yanu pampando, munavala chipewa chanu bwinobwino, n'kuwapatsa mkono. Munayenda nawo pang'onopang'ono mpaka pachipilala, nonse awiri okalamba, wina kutsamira mnzake. Atayala maluwa, inu munaima njo n'kupereka sawatcha, ndipo ndinakumvani mukutchula dzina la agogo mokweza, dzina lenileni, mmene timalitchulira pabanja pathu. Amayi analira mmene sindinawaonepo akulira, ngakhale pamaliro a bambo anga.

Tili m'galimoto pobwerera anandiuza kuti chithunzi cha mwala uja, chimene munatithandiza kupempha, tichiike m'fulemu pambali pa cha agogo aakazi, akhale pamodzi. Ndichita zimenezo mawa. Ndipo anati ndikuuzeni kuti Loweruka likubwerali akukudikirani kunyumba, ali ndi mafunso ena okhudza chigwa chija.