Chulu cha m'munda mwa amalume

Chaka chatha ndinapita kwa aphunzitsi athu a kafukufuku ndikuyenda ngati tambala, lipoti langa la soya lili kukhwapa. Ndinali nditabwereka kachigawo ka munda wa amalume ku Kasenengwa, kosakwana ngakhale lima imodzi. Malowo ndinawagawa pakati: mbali ina ndinabzala mbewu yothira inokyulanti, mbali inayo mbewu yomweyo koma yopanda kanthu.

Kwa amene sanaionepo, inokyulanti ndi ufa wakuda wa m'kapaketi, mmene muli tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa rhizobium. Mbewu mumainyowetsa ndi timadzi ta shuga, n'kuwazapo ufawo pamthunzi, n'kubzala tsiku lomwelo dzuwa lisanaphe tizilomboto. Tikalowa m'mizu timapanga timaphundu, ndipo mmenemo timakoka nayitrojeni wa mumpweya n'kudyetsa mbewu. Mukazula phata limodzi n'kudula kaphundu ndi chikhadabo, mkati mukapeza mofiirira, dziwani kuti ntchito ikuyenda. Mbali yanga yothira inabereka bwino kwambiri, masamba obiriwira kuti bii, moti odutsa panjira ankaima kufunsa kuti mbewuyo tinaigula kuti.

Aphunzitsi anawerenga masamba awiri okha, n'kuyang'ana chithunzi chimene ndinamata kumapeto. Anaika chala pakona n'kufunsa kuti, "Ichi n'chulu?" Ndinavomera. "Nanga anasankha ndani kuti mbewu yothira ipite kuchuluko?"

Pamenepo mate anauma. Anasankha anali amalume, ndipo ine ndinavomereza osaganizira kawiri. Iwo anati chinthu chogula ndi ndalama sitichitaya pamchenga. Monga mlimi sanalakwitse, chifukwa aliyense wakumudzi amadziwa kuti nthaka yozungulira chulu ili ndi chonde kuposa kumunsi kumene madzi amakokolola. Koma zikatero, zokolola zanga zinkanena za chiyani, ufa wakuda uja kapena chiswe? Panalibe njira yolekanitsira ziwirizi. Nyengo yonse ya mvula, kupalira konse kuja, zinandipatsa yankho la funso limene sindinafunse.

Aphunzitsi anandiuza kuti ndikawerenge za Ronald Fisher, katswiri wa masamu a kafukufuku. Munthuyu anayamba ntchito mu 1919 pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England, kumene ofufuza anali akuyesa feteleza pa tirigu kuyambira mu 1843. Anapeza mulu wa manambala a zaka zambiri, koma vuto lake linali ngati langa: nthaka siifanana ngakhale m'munda umodzi. Mankhwala ake a vutoli anali atatu. Kuyesa kubwerezedwe pa timinda tambiri. Timinda tofanana nthaka tiikidwe m'gulu limodzi. Ndipo m'gululo, maere ndiwo anene kuti kamunda kati kalandire chiyani, osati mtima wa munthu.

Za maerezo zinandivuta masiku angapo. Kwathu maere timachita pamene nzeru zatha, pogawana chinthu chimene aliyense akuchifuna. Ndinkaona ngati munthu wophunzira akuthawa ntchito yoganiza. Chinanditsegula m'maso ndi ichi: chulu ndinachiona pa chithunzi, koma nanga zimene sizioneka? Pamene panali khola la mbuzi zaka khumi zapitazo, pamene anaotchapo makala, pamene pamakhala madzi mvula ikagwa usiku. Sindingazidziwe zonse, amalume nawonso ena anaiwala. Ndalama yoponya m'mwamba siidziwa chilichonse mwa zimenezi, n'chifukwa chake siingakondere mwadala.

Mu buku lake la 1935, The Design of Experiments, Fisher anafotokoza za mayi wina amene ankati amatha kudziwa ngati m'kapu munayamba kuthiridwa mkaka kapena tiyi. Ife amene mkaka m'tiyi timauona pa Khirisimasi tingaseke, koma masamu ake ndi okoma. Makapu 8, anayi oyamba mkaka, anayi oyamba tiyi, osakanizidwa mwa maere. Njira zosankhira makapu 4 mwa 8 zilipo 70, ndipo yolondola ndi imodzi yokha. Ngati mayiyo akungolota, mwayi woti alondole onse ndi 1 pa 70. Ndinakhala usiku wina ndikuzilemba njirazo papepala kuti ndione ngati zikukwanadi 70. Kandulo inatha ndili cha m'ma 50, koma m'mawa zinakwana.

Kumene nkhaniyi inandigwira mtima ndi kuchipatala. Mu 1948 ku Britain anatulutsa zotsatira za kuyesa mankhwala a streptomycin pa odwala chifuwa chachikulu. Mankhwalawo anali ochepa, osakwanira onse. Katswiri wa masamu a zachipatala, Austin Bradford Hill, anakonza zoti odwala agawidwe potsata manambala a maere otsekeredwa m'maenvelopu, kuti dokotala asadziwiretu kumene wodwala wake agwere. Odwala 55 analandira streptomycin, 52 anangogonekedwa kuti apumule, mmene ankachitira masiku amenewo. Patatha miyezi 6, mwa olandira mankhwala anamwalira 4, mwa enawo 14. Owerenga zithunzi za m'mapapo sanauzidwe kuti chithunzi chiti n'cha gulu liti.

Ndinamufotokozera mnzanga wina amene akuphunzira unamwino, ndipo anakwiya, ati moyo wa munthu suchitiridwa maere ngati nkhuku ya pa mpikisano. Ndikumumvetsa. Koma ndinamufunsa kuti, dokotala wachifundo akanapatsidwa ufulu wosankha, akanapereka kwa yani? Mwina kwa odwalitsitsa, ndiye mankhwala abwino akanaoneka ngati akupha anthu. Mwina kwa amene akuoneka kuti achira, ndiye ngakhale madzi a mchere akanatchuka. Dokotalayo ndi amalume anga atavala chovala choyera. Sitinagwirizane, ndipo pamene mankhwala ogwira ntchito akudziwika kale, iye ndiye wolondola: sungammane wodwala pofuna kudzaza tebulo la manambala.

Akatswiri a zachuma nawo anatengera njira yomweyi. Abhijit Banerjee, Esther Duflo ndi Michael Kremer analandira mphoto ya Nobel mu 2019 chifukwa choyesa njira zochepetsera umphawi pogawa masukulu ndi midzi mwa maere. Zawozo ndangozinunkhiza, sindinazilowe.

Chondichititsa manyazi n'chakuti zonsezi ndinkaziona pakhomo. Ku Msekera, kunja pang'ono kwa Chipata, kuli malo ofufuzira zaulimi a ZARI, bungwe la boma la Zambia lofufuza zaulimi. Ndili mwana ndinkaona timinda ting'onoting'ono tokhala ndi zikwangwani, mbewu imodzimodziyo ikubwera apa, ikubweranso uko, popanda dongosolo looneka. Ndinkati anthu a boma akuseweretsa malo.

Chaka chino ndabwereza. Ndadula timinda 12 tofanana kukula, n'kutiika tiwiritiwiri ngati mapasa, kuyambira kuchulu kutsetsereka kumunsi. Poyamba ndinkafuna mapasa 4 okha, poopa ntchito. Nditawerengera ndinapeza kuti ndalama yoponyedwa kanayi ingagwe m'njira 16, kotero ngakhale yothira itapambana ponseponse, mwayi woti zangochitika mwangozi ndi 1 pa 16. Umenewu ndi waukulu kuposa 1 pa 20 amene ofufuza ambiri amatenga ngati malire. Ndi mapasa 6 njira zimakhala 64. Msana unadandaula koma masamu anakana kunyengerera.

Tsiku lobzala ndinapatsa msuweni wanga wamng'ono ndalama ya K1 kuti aponye pa mapasa aliwonse. Ikagwa chizindikiro cha dziko chili pamwamba, yothira ipita kumanja. Tinayamba kubzala mbewu yosathira manja ali oyera, yothira pambuyo, ndipo pakati pa timinda ndinasiya mpata kuti madzi asatengere tizilombo kwa mnzake. Pazikhomo ndalemba manambala okha. Pepala lonena kuti nambala iti ndi iti ndalitsekera mu envelopu, lili m'sutikesi yanga ku Chipata, ndipo wokayeza pasikelo mu Epulo adzangoona manambalawo.

Amalume tsiku lobzalalo ndinawapempha kuti apite kudimba, kuti asadziwe timinda tothira n'kumatipalira mwachikondi kuposa tinzake. Anapita akung'ung'udza. Sabata yatha anandiimbira foni madzulo.

"Mphwanga, kamunda ka nambala 3 kaja kabiriwira kwambiri. Ndi kothira eti?"

"Sindinganene, amalume."

"Sunganene kapena waiwala?"

Ndinawauza kuti envelopu tidzatsegula limodzi tikakolola. Anakhala chete pang'ono, kenako anati nawonso aika chizindikiro chawo pa timinda 6 timene akutiganizira, ndipo akalondola tonse ndidzawagulire thumba la feteleza.