Mawu amene timaika m'kamwa mwa ana

Patha miyezi isanu chibwererereni kwathu kuno ku Bembeke, koma anthu sanatope kundifunsa za ku China. Pamjigo, kutchalitchi, ngakhale m'minibasi yopita ku Dedza boma, funso limayamba ndi njoka ndi agalu: n'zoona amadya? Amayi anga okha ndiwo amafunsa zina. Iwo amafuna kudziwa ngati ndinkadya n'kukhuta, ndiponso ngati ana a eni ake ankandipatsa ulemu. Ndimawayankha kuti inde, zonse ziwiri. Koma pali nkhani ina imene sindinailongosolepo bwino kwa wina aliyense, ndipo ndi imene yandikhazika pansi lero.

Ndinanyamuka mu Ogasiti 2019 kukaphunzitsa Chingerezi ku China, nditaphunzitsa zaka zisanu ndi chimodzi pa pulayimale ina kuno ku Dedza n'kukamaliza digiri. Kupeza ntchitoyo kunali kukwera phiri. Masukulu ambiri amafuna munthu wa pasipoti ya ku Britain, America, Canada, Ireland, Australia, New Zealand kapena South Africa. Ena ankayankha mokoma, n'kupempha chithunzi, ndikatumiza zii. Pamapeto pake sukulu ina ya mumzinda wa Changsha, m'chigawo cha Hunan, inandiyesa pa kanema wa pa foni, n'kundilola. Ndinakwera ndege ku Lumbadzi, kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Guangzhou, kenako sitima yothamanga ngati mphepo. Mtunda woposa kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Karonga tinaudula pasanathe maola atatu.

Sukulu kumeneko zimatsegulira kumayambiriro kwa Seputembala. Anandipatsa ana a kalasi yachitatu, chifukwa m'masukulu ambiri Chingerezi chimayambira pamenepo. Ndinalowa, mwana mmodzi n'kufuula, onse 45 n'kuimirira nthawi imodzi, timipango tofiira tili m'khosi, n'kuwerama: "Laoshi hao!" Ndiko kuti moni aphunzitsi. Aliyense anali ndi desiki yakeyake, mabuku ake, botolo lake la madzi otentha. Ine amene ndinasiya ana 130 mu Sitandade 3, atakhala pa simenti yozizira ya m'mwezi wa Juni, ndinaima kaye osadziwa poyambira.

Ndinanyamula mpando n'kunena kuti, "This is a chair." Kalasi yonse inabwereza ndi mawu amodzi, kukoka mawu omaliza ngati nyimbo. Thupi langa linachita tsembwe, chifukwa nyimbo imeneyo ndimaidziwa. Ndinayamba Sitandade 1 mu 1994, chaka chimene a Bakili Muluzi anachotsa fizi ku pulayimale, ana n'kuchuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Ife tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa bulugamu, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu. Aphunzitsi akati "How are you, children?" tinkayankha mokweza mpaka mbuzi kuthawa, osadziwa kuti tikuti chiyani. Tinkangokhulupirira kuti munthu wamkulu amene waima kutsogoloyu sangatinenetse zoipa. Ana a ku Changsha anandikhulupirira chimodzimodzi, tsiku loyamba lomwe, asanadziwe n'komwe kuti Malawi ali kuti.

Zodabwitsa zinali zambiri, zina ndingodutsamo. Pakati pa maphunziro pamalira nyimbo, ana onse n'kutseka maso, kumadzisisita m'mbali mwa mphuno ndi m'zikope kuti maso apume. Akadya masana amagona, mitu pa madesiki, sukulu yonse kuti zii. Poweruka, pageti pamadzaza agogo, chifukwa makolo amakhala ali kuntchito, ndipo ambiri mwa makolowo anabadwa okhaokha pa nthawi ya lamulo la mwana mmodzi, limene linatha mu 2015. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi amadziwa kale za gaokao, mayeso olowera ku yunivesite amene amalembedwa mu Juni, kuposa mmene ife tinkadziwira za MSCE tili Fomu 2. Ambiri akaweruka ankapitanso ku maphunziro olipira mpaka usiku, kufikira mu Julayi 2021 pamene boma linaletsa malonda a maphunziro otere. Ndinkawamvera chisoni ana amenewo. Athu kuno amasowa mabuku, koma madzulo amathamanga, kusewera fulaye ndi phada mpaka kuitanidwa kuti nsima yapsa.

Sabata yachiwiri, kamtsikana kena ka mano otuluka kutsogolo kanabwera ndikulemba m'kaundula, n'kundigwira dzanja. Kanapukuta ndi chala pakhungu panga, kenako n'kuyang'ana chalacho. Mphunzitsi mnzanga wachitchaina amene ankandithandiza kumasulira anachita manyazi, kufuna kukakalipira. Ndinamuletsa. M'maso mwa mwanayo munalibe chipongwe, munali funso basi. Ndinamupatsa dzanja lonse, ndikumutembenuzira chikhatho, n'kumuuza kudzera mwa mnzangayo kuti amayi anga ndi agogo anga ndi otere, monga iyenso anatengera ake. Kuyambira tsiku limenelo ndiye ankandinyamulira mabuku, ndipo ndikaluka tsitsi latsopano ankakhala woyamba kuwerenga mizere.

Pa zakudya ndinavutika mwezi woyamba. Anthu a ku Hunan ndi akatswiri a tsabola, kambuzi wathu akhoza kugonja. Kachewere, amene bambo anga alima moyo wawo wonse n'kumakagulitsa pa Lizulu, kumeneko amamudula tizidutswa tating'ono ngati machesi, n'kumukazinga pang'ono ndi viniga, kudya akadali khirichikhirichi. Amayi akanaona akanati waphulidwa pamoto asanapse. Tsiku lina ndinagula ufa wachikasu wa chimanga n'kuphikira aphunzitsi anzanga nsima, ndiwo nyemba ndi mpiru wotendera. Ndinawazungulira ndi beseni ndi jagi kuti asambe m'manja, ndikuyamba ndi wamkulu. Anayesa kutema nsima ndi timitengo tawo, ikukana. Mayi wina wachikulire, wophunzitsa masamu, anaika timitengo pansi, kutema ndi dzanja, kuumba mbamu monga ndinamuonetsera, n'kunena kuti agogo ake kumudzi ankadya phala la chimanga m'zaka za njala. Tinakhala mpaka usiku tikukamba za njala, iye ya kwawo, ine ya 2002.

Nkhani ya chakudya kumeneko si yamasewera. Pa 22 Meyi 2021 anamwalira mu Changsha momwemo a Yuan Longping, katswiri amene anapanga mbewu ya mpunga wa haibulidi. Anthu anadzaza misewu ndi maluwa, ndipo Lolemba lake ana anga ena anabwera maso ali ofiira. Ankawatchula kuti agogo Yuan. Tsiku limenelo palibe anasiya kambewu kampunga m'mbale. Ndinadzifunsa ngati mwana wa ku Bembeke angatchule dzina la munthu mmodzi mwa amene amapanga mbewu zathu ku Chitedze kapena ku Bvumbwe. Inenso, mwana wa mlimi, sindikanatha.

Lachisanu lililonse ndinkasiya mphindi khumi zoti tizicheza za kwathu ndi za kwawo. Ndinawaonetsa zithunzi za phiri la Dedza, zojambula za pamiyala ya ku Chongoni, ndi Gule Wamkulu, amene anyamata anamukonda kwambiri. Anadabwa kumva kuti ndikamapereka madzi kwa bambo anga ndimagwada, chifukwa kwawo kugwadira munthu n'kwa pa chaka chatsopano, pamene ana ena amagwadira agogo awo n'kulandira ndalama mu envelopu yofiira. Koma kulandira chinthu ndi manja awiri tinapezeka kuti ndife amodzi. Moni wawo wakale ndi wofunsa ngati wadya. Nditawauza kuti ife timafunsa mmene munthu wadzukira, kenako ana, kenako a kunyumba onse, kamnyamata kena ka magalasi kanafunsa kuti ndiye timafika nthawi yanji kuntchito.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi cha manda. Kumayambiriro kwa Epulo ali ndi tsiku lotchedwa Qingming, sukulu zimatsekedwa, mabanja n'kupita kukasesa pamanda a makolo awo, kuikapo chakudya, kuwotcha mapepala oimira ndalama. Ana amapita nawo. Ndinawafotokozera kuti kwathu kumanda sikupitidwa chisawawa, kuti pamafunika chilolezo cha amfumu, kuti okumba manda ndi adzukulu, ndipo ana sayandikirako. Kamtsikana kaja kanakweza dzanja: "Nanga manda a agogo anu amasesa ndani?" Ndinayankha kuti mudzi umalambula pa nthawi yake, ndipo timamanga ziliza. Yankho linali loona, koma usiku umenewo sindinagone msanga. Agogo anga aakazi anamwalira ndili ku koleji, ndipo chiikireni maliro ndinali ndisanaimepo pamanda awo.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndinayambira. WhatsApp ndi Facebook n'zotsekedwa ku China, choncho ndinawaikira achimwene anga WeChat kuti tizilankhulana. Mu Juni 2022 ananditumizira uthenga usiku: "Achemwali, mwamva zimene zachitika kwa Njewa?" A BBC anali ataulutsa kafukufuku wa bambo wina wa ku China amene ankakhala m'dera la mfumu yaikulu Njewa ku Lilongwe, akujambula ana a m'mudzi n'kumagulitsa makanemawo kwawo. Ankawanenetsa mawu a Chitchaina, ena ofunira anthu mafuno abwino, koma ena odzinyoza okha chifukwa cha khungu lawo ndi nzeru zawo. Anawo ankabwereza mokondwa, akudumphadumpha, osadziwa kanthu. Ankamutchula kuti Susu, kuchokera ku mawu akuti shushu, amene ana anga a ku Changsha ankaitanira mwaulemu bambo aliyense wamkulu, monga ife timanenera kuti amalume. Anathawa, n'kukagwidwa ku Chipata, n'kubwezedwa ku Malawi kukayankha mlandu.

Panthawiyo ndinali nditadziwa Chitchaina chokwanira kumva mawu aja ndekha, popanda womasulira. Ndinalira ngati pamaliro. Ana amene aja anali ine pansi pa bulugamu, kukuwa zimene wamkulu wanena.

M'mawa mwake ndinaima kutsogolo kwa kalasi, buku lili m'manja, pakamwa pakukanika kutuluka mawu oti bwerezani. Ndinayang'ana nkhope 45 zikudikira kuti ndiziuze chonena. Ndikanatha kuwanenetsa chilichonse. Mphunzitsi mnzanga uja anaona kuti sindili bwino, ndipo pa nthawi yopuma ndinamuonetsa. Anaonera mpaka kumapeto, dzanja lili pakamwa, kenako n'kuyamba kupepesa mobwerezabwereza. Ndinamuuza kuti iye sanalakwe, ndipo ndinkanena zochokera pansi pamtima, chifukwa mayi ameneyu ndiye anandiperekeza kuchipatala nditadwala, ndiye ankandibweretsera chakudya pakhomo masiku a Covid. Koma sindinamubisire kuti makanema aja anali ndi owagula, ndipo owagulawo anali anthu a kwawo.

Kuyambira sabata imeneyo ndinasintha kaphunzitsidwe. Palibe mawu amene ana ankabwereza asanandiuze tanthauzo lake m'chinenero chawo. Ndikalemba chiganizo pa bolodi, ndinkayamba ndafunsa kuti chikunena chiyani, ndani angachinene, kwa yani. Ndinawauza kuti munthu aliyense, ngakhale ineyo, akawauza kuti anene mawu achilendo, ali ndi ufulu wofunsa kaye. Maphunziro anayamba kuyenda pang'onopang'ono. Makolo ena anadandaula pa gulu la WeChat kuti kalasi ina yatipitirira ndi mitu iwiri, ndipo akuluakulu a sukulu anandiitana. Ndinawafotokozera chifukwa chake, iwo n'kundilola kupitiriza bola mayeso ayende bwino. Anayenda bwino ndithu, ngakhale sitinakhale oyamba. Ndinawaphunzitsanso "zikomo" ndi "muli bwanji", atadziwa kaye zimene akunena. Tsiku lotsazikana, mu 2024, anaimirira n'kuwerama monga mwa masiku onse, koma m'malo mwa moni wawo uja anati, "Zikomo aphunzitsi." Zi- wake ankamveka ngati dzi-, koma tanthauzo ankalidziwa.

Nditafika kuno, chinthu choyamba ndinapempha bambo kuti akalankhule ndi amfumu. Anatilola, ndipo tinapita ndi amalume m'mawa kukadali nkhungu, ndi khasu ndi tsache. Ndinazula udzu pa chiliza cha agogo ndi manja.

Mwezi watha ndinali pa Dedza boma ndi mwana wa achimwene, wa Sitandade 4, tikugula sopo ndi mafuta. Panadutsa bambo wina wachitchaina atanyamula katoni, ndipo gulu la ana linayamba kumutsatira likukuwa mawu opanda pake aja otsanzira chinenero chawo. Mwana wathuyo analowa nawo. Ndinamugwira pamkono.

"Ukuti chiyani pamenepo?"

"Kaya, azakhali. Anzanga amatero."

"Ndiye ukunena chinthu chosachidziwa?"

Anayang'ana pansi, akukanda dothi ndi chala chakuphazi. Ndinaitana anzake aja, anabwera atatu, ena anathawa. Ndinawauza kuti zimene amakuwazo si mawu, ndipo munthu amene akuwamvayo zimamupweteka monga mmene zingawapwetekere iwo wina atamatsanzira Chichewa ngati kulira kwa nyama. Kenako ndinawaphunzitsa "ni hao". Ni ndiye kuti iwe, hao ndiye kuti bwino. Ndinawafunsa mmodzimmodzi kuti andiuze tanthauzo asananene. Bambo uja anali ataima pa galimoto yake akumanga katundu. Mwana wa achimwene anapita yekha, manja ali kumbuyo, n'kuima patali pang'ono.

"Ni hao, shushu."

Bamboyo anatembenuka, kuyang'ana mwanayo, kuyang'ana ine, n'kusiya chingwe chimene anali nacho m'manja. Anawerama pang'ono n'kuyankha m'Chichewa chothyokathyoka: "Ndili bwino, kaya iwe?"