Ubwana wa masabata atatu

Agogo anga anachoka ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito kuno ku Halale mzindawu ukadali Salisbury, ndipo anatchona mpaka kumwalira khasu lili m'manja. Bambo anga anaphikira azungu ku Highlands moyo wawo wonse, akugona ku Mabvuku. Ine ndimasamalira maluwa ndi dziwe losambiramo panyumba ina ku Borrowdale. Pamtundu pathu palibe amene anakhalapo pansi dzuwa lili paliwombo.

Ndiye bwana atanena kuti akupita ku London ndi banja lonse kwa miyezi itatu, n'kundisiyira makiyi ndi malipiro a miyezi yonseyo, ndinati mizimu yakumbuka mwana wake.

Galimoto itangotuluka pageti, ndinakoka mpando wogonapo uja n'kuuika m'mbali mwa dziwe. Zaka 11 ndakhala ndikuupukuta mpando umenewu osadziwa kuti umafewa chonchi. Ndinavala gauni yoyera ya bwana, magalasi akuda ogula ku Mbare Musika, m'manja kapu ya Mazoe yothira ayezi. Ntchito ndinapatsa kamnyamata ka ku Hatcliffe, madola awiri patsiku, ine n'kumangoloza ndi chala ngati kapitawo wa pafamu ya fodya.

Chimene chinandipha ndi foni. Ndinadzijambula, n'kuika pa WhatsApp ndi mawu akuti: "Ntchito ndasiyira ana." Nthabwala chabe, anthuni. Koma chithunzi chilibe pakamwa poti chifotokoze.

Oyamba kuimba anali a bungwe lathu la maliro ku Mabvuku, ati munthu wa dziwe sangamasonkhe mofanana ndi alonda. Kenako mlamu wanga anafuna fizi ya ana. Akunyumba okha ndi amene anangoti, "Bambo a Chisomo, gauniyo muichape."

Sabata yachiwiri kamnyamata kanathawa ndi mpope wothirira maluwa. Za mankhwala a m'dziwe ndinali nditaiwala kukauza, ndipo ineyo, pokhala bwana, sindikanagwira kolorini. Madzi anayamba kuoneka ngati msuzi wa chisoso. Maluwa a jakaranda, poti unali Okutobala, anayalana pamwamba, achule n'kutsegula kwaya.

Lachinayi m'mawa, foni: "Mphwanga, ndili pa Roadport. Tumiza dalaivala."

Amalume. Anakwera basi ku Blantyre, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, usiku wonse, atanyamula thumba la nyemba ndi ndodo, kudzaona chuma cha mwana wa mlongo wawo. Kwathu malume ndiye mwini mbumba, sungawauze kuti bwererani. Ndinakawatenga pa kombi, n'kunama kuti dalaivala ali kumaliro.

Choonadi ndinkafuna kuwauza, koma ataona nyumba anavula chipewa, misozi ili mbwee, akuti, "Mafupa a bambo anga sanagone pachabe m'dziko la eni." Munthu uyambira pati? Anandilanda mpando, anandilanda gauni. Dziwe anati ndi labwino, kungoti likusowa chambo. Tsiku lachitatu ndinawapeza akukumba kapinga wa bwana kuti adzale mpiru, ati malo a madzi chonchi kuwasiya udzu ndi tchimo. Ubwana wanga unathera pomwepo: ndinali kuphika nsima, kutenthetsa madzi osamba, kusita malaya. Ntchito yoposa ya kale, yopanda malipiro.

Loweruka masana ndili kukhitchini, ndinamva geti likutseguka lokha. Limatseguka lokha kwa munthu mmodzi basi. Bwana anabwerera msanga, ati kwagwa za bizinesi.

Ndinasuzumira pazenera mthiko uli m'manja. Bwana anaima ndi sutikesi, akuyang'ana dziwe lobiriwira, mizere ya mpiru, ndi nkhalamba yovala gauni yawo. Amalume anakweza magalasi anga aja pamphumi.

"Iwe ndiwe dalaivala uja? Maliro ayenda bwanji? Ika katunduyo apo, unditengere madzi akumwa."

Ndinadzilimbitsa mtima kuti bwana ndi Mshona, sanamve kanthu. Zaka 11 sindinawamvepo akutchula ngakhale "zikomo".

Bwana anaika sutikesi pansi, n'kuwomba m'manja mwaulemu. "Maliro ayenda bwino, agogo," anayankha m'Chichewa chosalala. "Mayi anga anali a ku Ntcheu. Nanga abwana ali mkati?"

"Ali kukhitchini," anatero amalume. "Ndi munthu wodzichepetsa kwambiri, amaphika yekha."

Ntchito sinandithere, koma dziwe ndinalikapa ndi ndowa masiku anayi, amalume ndi bwana atakhala pamthunzi akukambirana za mbatata ya kachewere ya kwawo. Mpiru unatsala, madamu akuti ndi wokoma. Wothirira ndine. A bungwe la maliro mpaka lero sanatsitse chopereka changa.