Zabwino zikupita pamoto, zoopsa zikupita ku Bangwe

Lachiwiri usiku, Chirimba.

Nkhani ya aneba a nyumba yakumapeto pa lendi pano yandikhala pamtima. Masana ndinawapeza kuseri kwa bafa atakhuthula thumba la zovala za mwana wawo, botolo la parafini lili pambali. Mwanayo anayamba kale sukulu ya mkaka. Timadiresi, timajuzi, matewera a thonje, shawelo, zonse mulu umodzi.

"Asisi, zonsezi mukuotcha?"

Ati eya, apongozi anawalangiza kuti chovala chimene chinakhudza thupi la khanda sichipita kwa munthu wina, angakachitirepo chipongwe. Za apongozi a eni munthu sulowerera. Chimene chinandiwawa chinali pakhonde: wokala (kampando ka matayala kamene khanda limayendera), mabotolo a mkaka ndi timphira take toyamwira, ndi matiresi a kabedi, ataziika padera kuti apatse mng'ono wawo wa ku Bangwe amene ali woyembekezera.

Ndinawauza kuti ngati nkhawa ndi yoti zovala zisatuluke pakhomo, siziyenera kutuluka, ntchito yake ilipo m'nyumba momwemo. Thewera la thonje limamwa madzi bwino kwambiri, ndi nsanza yabwino yopukutira. Mukalichapa, liviikeni mphindi 10 m'madzi ozizira a Jik, masupuni awiri aakulu pa lita imodzi, kenako mutsukuluze ndi kuyanika padzuwa. Mukaligoneka m'menemo usiku wonse ulusi umafooka, limayamba kung'ambika lokha. Lidulani panayi, koma mupinde m'mbali ndi kusoka, apo ayi limayoyoka nthawi iliyonse mukachapa. Zidutswa zitatu zosanjikiza, zosokedwa mopingasa pakati, ndi chogwirira poto chabwino. Juzi la nayiloni musayese n'komwe pamoto, limasungunuka n'kumatirira kudzanja, ndipo utsi wake ndi umene tikanapuma tonse pa lendi pano.

Timalaya tofewa tija mumadula timizere, masentimita 2 m'lifupi, 10 m'litali. Mutenge thumba la ufa kapena la fetereza, mulidule kukula kwa khomo, mupinde m'mbali. Ndi kawaya kopinda mumalowetsa kamzere pakati pa ulusi wa thumbalo n'kumanga mfundo, mothinana, mzere ndi mzere. Chopondera pakhomo chatheka. Mukasiya mipata thumba limaonekera ndipo limatha msanga. Nsalu ya tisheti ndiyo yabwino chifukwa siyoyoka.

Apa anaseka, ati ine ndikufuna kuwapatsa ganyu. Mwina. Koma kuseka kwawo kunatha nditafika pa wokala.

Dziko la Canada linaletsa kugulitsa mawokala mu 2004, ngakhale ogwiritsidwapo kale ntchito. Kuno amabwerabe ndi katundu wa kaunjika, ndipo ku Limbe mumawaona atapachikidwa ngati chinthu cha anthu olemera. Mwana saphunzira msanga kuyenda chifukwa cha wokala. Chimene amapeza ndi liwiro ndi msinkhu zimene alibe: amafikira chogwirira cha poto, amafikira ketulo, amathamangira pa mbaula imene ife timaika pansi. Ndiye taganizani nyumba za ku Bangwe, zambiri zili pamtsetse, khonde lalitali, masitepe atatu kapena anayi a simenti. Mukachotsa matayala n'kutsala mpando wokhazikika, ngoziyo yachepa kwambiri, ndipo matayalawo anyamata a galimoto za mawaya akulandirani ndi manja awiri.

"Koma anagula ndi bambo ake, ndalama zambiri."

Mawu amenewa ndi amene akundizungulirabe m'mutu. Chinthu chodula timachiona ngati sichingalakwe, chotchipa ndiye timachikayikira. Ndinakwiya pang'ono, osati ndi iwo kwenikweni. Kutenthanso kwa masiku ano sikukuthandiza, mutu ukungolemera.

Mabotolo nawo. Kamphira koyamwira kamafuna kusintha pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Kakhala m'kabati zaka, mukakakoka kamamata kapena kuonetsa ming'alu, ndipo kachidutswa kakhoza kutsamwitsa khanda. Botolo lokandika mkati limabisa litsiro limene burashi silifika. A pulasitiki yolimba akalekale ena ali ndi mankhwala a BPA, amene mayiko a European Union anawaletsa m'mabotolo a ana mu 2011. Ku sikelo amatiuza kale kuti miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha, ndipo pakafunika kumwetsa, kapu imatsukika bwino kuposa botolo. Botololo lili ndi mizere ya mamililita, ndiye likhale loyezera Jik yemwe uja. Mulilembe ndi penti, muliike pamwamba, chifukwa mwana akaliona amadziwa chimodzi chokha, kumwa.

Beseni losambitsira mwana sanalitchule, koma ndinaliona litadzaza madzi pafupi ndi mpopi. Kamwana koyamba kuyenda kangathe kumira m'madzi osafika n'komwe m'mawondo, osanenanso za udzudzu. Boolani pansi ndi msomali wamoto, mabowo 8 kapena 10, muike timiyala, kenako dothi magawo awiri ndi manyowa owolerana gawo limodzi, kuya kwake masentimita pafupifupi 20. Mpiru, repu ndi anyezi wa masamba zimachita bwino. Tomato amafuna pozama kuposa apo. Likhale pa njerwa kuti madzi azituluka, ndipo likadzaza musalinyamule, pulasitiki yopsa ndi dzuwa imangosweka. Zitini za mkaka, zikauma bwino, zimasunga nyemba ndi mbewu. Mchere ayi, umachititsa dzimbiri.

Kabedi aka ndiye kanapangidwa ndi kalipentala wa m'mbali mwa msewu, matabwa olimba. Mukachotsa mbali imodzi n'kukhomera thabwa pamwamba, mwana wapeza tebulo lolembera. Mbali yochotsayo mukaitsamiritsa kukhoma ndi poyanika tinsalu nthawi ya mvula. Kakati kapite kwa khanda lina, muyeze kaye mipata ya timitengo, isapitirire masentimita 6. Chitini cha Fanta chikadutsa, thupi la khanda likhoza kudutsanso, mutu n'kutsakamira. Penti yosupuka ipalidwe yonse, ana amaluma m'mbalimo mano akamamera.

Matiresi ndinawadinikiza ndi dzanja, dzenje linatsala. Khanda limafuna pogona polimba, posalowa, ndipo pakati pa matiresi ndi thabwa pasalowe zala zoposa ziwiri. Siponji yakeyo ikhoza kudulidwa n'kukhala makushoni a mipando. Anandifunsa kuti nanga akaikuta ndi pulasitiki yatsopano ndi chitenje pamwamba? Kukuta kumabisa fungo, sikuchotsa dzenje. Anangoti aona kaye, akambirana ndi bambo akabwera ku ntchito, chifukwa mng'ono wawoyo anamulonjeza kale pafoni ndipo ndalama ya matiresi atsopano mwezi uno palibe.